Ndinatsika makilo 12 koma nsima sindinasiye

Zanga zinayamba ndi mutu. Unkandiwawa chakumbuyo kuno kufupi ndi khosi, pafupifupi tsiku lililonse ikangodutsa 2 koloko masana, ine n'kumangomwa panado ndi Fanta wozizira n'kupitiriza ntchito, mumtima ndikuti ndi dzuwa la ku Lilongwe basi komanso kutopa. Ndine mayi wa ana atatu, zaka 38, ndimakhala ku Kawale ndipo ndimagulitsa mu shopu ina ya zipangizo zomangira nyumba ku Malangalanga. Timatsegula hafu 7 kutseka 5, Loweruka mpaka masana, ndiye amene mumagwira ntchito za m'mashopu mukudziwa kuti lanchi yeniyeni kulibe, umadya kasitomala akachoka, wina akangolowa kufuna misomali ya 4 inchi umavundikira mbale n'kudzuka.

Mu February 2024 ndinapita kuchipatala ndi mwana wanga wotsiriza amene ankatsokomola, ndiye poti ndinali pomwepo ndinati nanenso andiyezeko BP. Anesi anandimanga chija pamkono, kupopa, kuyang'ana, kenako akuti mayi takhalani kaye pabenchipo mupume tibwerezenso. Pobwereza inali 158/98. "Mayi, mumamwa mankhwala a BP?" Ine ayi. "Takwerani pasikelopo." Makilo 84. Ndinaseka ndithu, ndinati anesi sikelo yanuyi ndi yowonongeka, poti ulendo womaliza kukwera sikelo ndinali ndi pakati ndipo sindinafikepo pamenepo. Iwo sanaseke. Anandiyeza kutalika, mita imodzi ndi 60, n'kundiwerengera pa kakalikuleta ka pafoni kuti BMI yanga, muyeso wa kulemera kwa thupi poyerekeza ndi kutalika, ndi pafupifupi 33. Akuti ikadutsa 25 ndiye kuti thupi lapitirira, ikadutsa 30 ndiye kunenepa kumene madokotala amakuwerengera ngati vuto. BP nayo akuti ikamafika 140/90 kupita kumwamba ndi yokwera. Anandiuza ndibwerenso masiku ena kawiri, sinatsike, basi anandilembera mankhwala mu buku langa lakuchipatala.

Chimene chinandiopsa si manambalawo ayi. Bambo anga anadwala sitiroko, anafa ziwalo mbali imodzi, tinawasamalira zaka zitatu, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa phala ndi sipuni mpaka anatisiya. Ndili mu minibasi pobwerera ndinayang'ana kamwana kanga kali pamiyendo ndinati kodi aka ndi kamene kadzanditembenuze ine? Mtima unangoti myuu.

Ndikuuzeni kaye mmene ndinkadyera chifukwa ndikudziwa ena mudzionamo. M'mawa tiyi mu kapu yaikulu ija ya pulasitiki, shuga masipuni anayi, ndi buledi wopaka majarini. Ikamakwana 10 pali mayi wina amadutsa ndi ndowa ya mandasi otentha, amandidziwa mpaka amandipatsa pangongole kudzalipira mwezi ukatha, atatu osachepera ndi tiyi wina. Masana kutuma mnyamata wa pashopu akandigulire chipisi pachiwaya, chija amatunga mafuta ndi chipande n'kuthiranso pamwamba, kakabichi kongokongoletsa, ndi botolo lozizira. Cha m'ma 4 zigege kapena chitumbuwa. Madzulo nsima ya ufa woyera mitanda inayi, ndiwo zikusambira m'mafuta, ndiye ana akasiya m'mbale ine wotolera poopa kutaya chakudya. Chodabwitsa n'choti ndinkadziona ngati munthu wosadya kwambiri, ndinkauza anthu kuti ine ndi thupi lakumtundu basi, amayi anga nawonso ndi ojintcha.

Choyamba chimene ndinachita chinali chopusa ndipo ndikuchinena kuti wina asatayenso ndalama. Pa gulupu ina ya WhatsApp ya azimayi panali munthu ankatsatsa tiyi wochepetsa thupi, zithunzi za uku mimba uku yaphwa, akuti masiku 14 okha. Ndinatapa ndalama ya banki m'khonde n'kugula mapaketi awiri. Abale inu. Ndinamwa usiku, m'mawa ndili mu minibasi m'mimba munayamba kupota ngati muli munthu akufinya zovala, thukuta kamukamu, kondakitala ndikumuuza nditsika pompano iye akuti mayi si pa siteji pano. Mmene ndinafikira kuntchito ndi Mulungu yekha akudziwa. Masiku anayi ndinali wa kuchimbudzi, bwana mpaka anandifunsa ngati kunyumba kwabuka kolera. Sikelo inaonetsadi kuti ndatsika makilo awiri koma nditasiya sabata isanathe anabwerera onse, chifukwa zimene zinachokazo anali madzi, mafuta ali phee pamalo pake. Matiyi ambiri otere amangokhala mankhwala otsegula m'mimba, ndipo kwa munthu amene akumwa mankhwala a BP kutaya madzi chonchija n'koopsa. Anesi aja nditawauza anandikalipira ngati mwana wa sukulu.

Kenako ndinayesa kudzimana, osadya m'mawa osadya masana. Ndinapirira masiku atatu, lachinayi ndinamva chizungulire ndikuwerengera kasitomala malata, ndinalakwitsa chenji, madzulo ake ndinadya mitanda isanu ndi mkute womwe. Ndinayesanso kutsatira za pa Facebook zija, mndandanda wa ma oats, maapozi, nyama ya pachifuwa cha nkhuku, mafuta a olivi, yogati yopanda shuga, ndinalowa mu supamaketi n'kuyang'ana mitengo n'kutuluka ndi sopo yekha. Kumbukirani apa n'kuti kwacha atangoigwetsa ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zikukwera sabata iliyonse malipiro ali pomwepo. Jimu ndiye sindinayerekeze n'komwe, ndalama yake kulibe nthawi yakenso kulibe. Ndinatsala pang'ono kungoti basi kuonda ndi kwa anthu a ku Area 10 ndi 43.

Chinandithandiza ndi kope la mwana wanga lakale. Ndinayamba kulemba chilichonse cholowa m'kamwa ndi ndalama yake kwa sabata imodzi, osasintha kanthu, kungolemba basi. Loweruka nditawonkhetsa ndinangoti kukamwa yasa. Ndalama ya mandasi, chipisi, zakumwa ndi tizigege inali yoposa ya ndiwo za banja lonse sabata imeneyo. Ndiye kuti zimene zinkandinenepetsa ndi zomwezo zinkanditha m'thumba, ine n'kumadandaula kuti kudya bwino n'kodula.

Ndinayambira pa shuga. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asapitirire pafupifupi magalamu 50 a shuga wothira patsiku, amene ndi masipuni a tiyi 12, ndipo bola atakhala 6. Botolo limodzi la Coke la 300ml lokha lili ndi masipuni pafupifupi 8. Ine ndi matiyi anga awiri ndi botolo la masana ndinkafika 16 ndisanawerengere Sobo wa Lamulungu ndi shuga wa mu mandasi. Sindinasiye kamodzi ayi, tiyi wopanda shuga ndinayesa ndinalavula. Ndinatsika kuchoka pa anayi kufika atatu kwa sabata ziwiri, kenako awiri, panopa ndimathira imodzi ndipo lilime linazolowera moti tiyi wa pamaliro uja wothiriratu mu ndowa amandilaka. Zakumwa za m'botolo ndinazisiyira maukwati. Ndimayenda ndi botolo la madzi la 2 lita limene limakhala pansi pa kauntala, nthawi zina ndimafinyiramo ndimu. Musanamizidwe kuti madzi a ndimu amasungunula mafuta, sasungunula, amangokoma bwino kuposa madzi wamba basi. Thobwa ndi maheu musamale nazonso, timaziona ngati zachikuda zabwino koma shuga amene amalowamo ndi wambiri.

Tsopano nsima, pamene pagona nkhani. Aliyense amene ndinkamufunsa ankati siya nsima. Ine ndinakana. Ndisiye nsima ndidye chani, mpunga umene ndi wodula kuposa ufa ndipo sunditenga nthawi njala yabweranso? Komanso munthu ukuphikira anthu asanu nsima tsiku lililonse, fungo lili m'mphuno, iwe n'kumadya tomato woduladula, zimenezo sizingapitirire mwezi. Chimene ndinasintha ndi kagawidwe ka m'mbale. Ndinagula mbale yangayanga yapakatikati, theka lake ndimadzaza masamba, mbali yotsalayo ndimagawa pawiri, uku nsima uku nyemba kapena usipa kapena dzira. Kuchoka pa mitanda inayi ndinapita pa itatu, patatha mwezi ndinafika pa iwiri, ndipo poomola ndimaomola yanga ndi chipande chaching'ono. Chinsinsi china n'choti ndimayamba kudya masamba kaye ndisanakhudze nsima, ndipo ndimadya pang'onopang'ono, chifukwa mimba imachedwa kuuza mutu kuti yakhuta. Ife a m'mashopu tinazolowera kumeza mothamanga ngati akutilanda. Zotsala za ana ndinasiya kutolera, ndimawagawira zochepa akafuna awonjezere okha.

Ufa ndinasinthira ku mgaiwa. Apa panali nkhondo kunyumba, bambo a ana anati iwo mgaiwa anadya wokwanira ku sekondale yogonera konko sakufunanso kuuona, akuti kodi tasauka chani. Ndinayamba ndi kusakaniza theka mgaiwa theka woyera osawauza kkkk, anadya milungu itatu osazindikira. Mgaiwa uli ndi gaga wake yense ndiye umakhalitsa m'mimba, njala siibwera msanga, ndipo kuchigayo umalipira kamodzi kokha poti palibe zokonola, komanso ndowa ya chimanga imatuluka ufa wambiri chifukwa palibe chopita ku madeya. Koma mudziwe kuti suchedwa kuwawa ndi kufumbwa ukakhalitsa, ndiye ndimagayitsa wa masabata awiri okha. Ndipo chimanga chake muzisankha bwino, chowola ndi chachuku kutaya, chifukwa poti simukukonola zonse zikulowa mu ufa. Mtedza wosinja nsinjiro chimodzimodzi, wofota ndi wowawa uja osauphatikiza, chuku chimenechija chimawononga chiwindi.

Mafuta ophikira ndinkangopendeketsa botolo mpaka maso akhutire. Botolo la 2 lita linkatha masabata awiri. Nditamva kuti sipuni imodzi yaikulu ya mafuta ili ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 120 ndinamangirira sipuni pa botolopo ndi labala, poto wa ndiwo za banja lonse masipuni awiri basi. Panopa botolo lomwelo limadutsa mwezi, ndiye ndi mmene mafuta akudulira mukuona nokha. Masamba ambiri ndimatendera, nkhwani, chisoso, kholowa, khwanya, chigwada, koma nsinjiro nazo zili ndi mafuta ake ndiye osachita kuwunjika, ndipo ukatendera palibenso chifukwa chothira mafuta. Bonongwe ndimangofwafwaza ndi tomato ndi anyezi. Soda ndinachepetsa, ndimathira mu therere lokha, chifukwa amapha mavitamini ena, komanso masamba osawaphika mpaka ade. Mchere akuti usapitirire magalamu 5 patsiku, sipuni imodzi ya tiyi, kuphatikiza wa m'zakudya zonse, ndiye kambale ka mchere ndinakachotsa patebulo, kapepala ka zokometsera ka mu soya pieces ndimathira theka lokha, usipa ndi bonya ndimayamba ndaviika m'madzi ofunda.

Pakhoma la chipatala chija pali chithunzi cha magulu 6 a zakudya, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ndakhala ndikuchiona kuyambira ndikupita kusikelo ya mwana woyamba koma ndinkati ndi za ana osakwana zaka zisanu. Nditachiyang'anitsitsa ndinaona kuti ine ndinkakhalira magulu awiri okha, zokhutitsa ndi zamafuta, enawo ongolawa. Ndipo palibe chachilendo pachithunzipo, zonse zili pamsika wa Kawale pomwepa.

Vuto lalikulu kwa ife otanganidwa si kusadziwa zoyenera kudya ayi, ndi njala yokupeza uli mtauni ulibe kanthu m'chikwama. Imeneyo ndi imene imakutengera pachiwaya. Ndiye ndinagula kontena ya zipinda ziwiri ndi kafulasiki ka chakudya pa kaunjika. Madzulo ndikamapakula ndimayamba ndapatula ndiwo za mawa anthu asanadye, apo ayi simupeza kanthu. M'mawa mbaula ikuwiritsa madzi osamba ndimaponyapo mbatata ziwiri, makamaka yofiira mkati ija ili ndi vitamini A, kapena chinangwa, kapena nthochi zosapsa, nthawi ya dzinja chimanga chachiwisi ndi maungu. Lanchi yanga imakhala mbatata, nyemba ndi masamba adzulo, tsiku lina futali, tsiku lina mpunga pang'ono ndi soya ndi kabichi wambiri. Kadzutsa ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya, limene limandisunga mpaka masana, pomwe buledi ndi tiyi 10 koloko isanakwane m'mimba mwayamba kale kulira. Masiku oyamba anzanga pashopu ankandiseka, akuti asisi mwayamba kuyenda ndi phoso ngati mwana wa nazale. Panopa awiri mwa iwo akubwera ndi makontena awo.

Nyemba anthu amaziopa chifukwa cha makala, ndipo n'zoona zimatha makala. Ine ndimaziviika Loweruka usiku, Lamulungu m'mawa ndisanapite kutchalitchi ndimataya madzi aja n'kuthira ena, kuziwiritsa zibwate kwambiri kwa mphindi 30, kenako kuphula poto osavundukula, kumukulunga bwinobwino mu bulangete lakale n'kumuika mu dengu. Pobwera kutchalitchi zapsa zokha, kwatsala n'kukazingira tomato. Ndimaphika zambiri n'kugawa m'timakontena mu kafiliji kathu, koma poti magetsi ndi ozimazima sindiwerengera zodutsa masiku atatu, ndipo mwezi wa October kukatentha zimasasa msanga ndiye muzitenthetsa mpaka zibwate musananyamule. Ndimasinthasintha ndi nandolo, khobwe ndi nzama kuti ana asatope. Nyama timadya kamodzi pasabata, nkhuku ndimachotsa chikopa changa n'kupatsa ofuna.

Zogula ndimagula mwanzeru. Kamodzi pamwezi ndimapangana ndi neba wanga kulawirira ku Wakawaka, kugula tomato, anyezi, kabichi ndi mbatata zambiri n'kugawana, zimatsika mtengo kusiyana ndi kugula kamulu kamodzikamodzi madzulo aliwonse. Masamba akachuluka nthawi ya mvula ndimafutsa nkhwani ndi khwanya ngati mmene amachitira amayi kumudzi, mfutsowo umatipulumutsa mu September ndi October masamba akamadula. Kuseri kwa nyumba ndinadzala mpiru ndi bonongwe m'matumba akale a simenti, ndimathirira ndi madzi otsukira mpunga ndi masamba. Zipatso ndimatsata nyengo basi, mango ikafika November mpaka January, magwafa ndi mapeyala chakumayambiriro kwa chaka, manachesi ndi masau nthawi yozizira, nthochi ndi mapapaya nthawi iliyonse. Maapozi ochokera ku South Africa ndimangowapatsa moni.

Njala ya 4 koloko ija ndimaiphera ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, ndimaupimiratu m'kapepala kunyumba chifukwa mtedza ukauika pafupi wonse sudziwa kuti watha liti, kapena nthochi, kapena dzira lowiritsa. Mayi wa mandasi uja tinakambirana, ndinamuuza kuti achemwali ngongole ija titseke, adokotala andiletsa. Anandiyang'ana ngati ndamulanda mwamuna. Lachisanu lokha ndimagulabe limodzi, zachibale zisathe.

Zolimbitsa thupi zanga ndi miyendo basi. Kuchoka ku Kawale kufika ku Malangalanga wapansi ndi mphindi 35 kapena 40 kutengera mmene ndadzukira. Ndinkakwera minibasi kapena kabaza tsiku lililonse kamtunda kameneka, ndipo nthawi zina kudikira kuti minibasi idzaze kumatenga nthawi yofanana ndi kuyenda komweko. Ndinayamba masiku atatu pasabata, sabata yoyamba ndinkafika ndili wefuwefu, ntchafu zikupekesana mpaka kusupuka, ndinachita kugula kabudula wothina wovalira mkati. Panopa ndimayenda m'mawa uliwonse, nsapato zantchito m'chikwama, kumapazi matenesi a pa kaunjika. Akuti munthu wamkulu amafunika mphindi zosachepera 150 pasabata zoyenda mwandawala, ine ndimadutsa pamenepo osalipira munthu, ndalama ya thiransipoti ya m'mawa imapita ku zipatso. Pobwerera kukada ndimakwera, sindichita masewera ndi mdima ndili ndi foni m'chikwama. Mvula ikagwa ndimakweranso, sindine msilikali.

Koma chimene palibe anandichenjeza ndi pakamwa pa anthu. Kwathu kuno munthu ukanenepa amati zako zikuyenda, akukusunga bwino abambo, ukangoyamba kutsika maso onse ali pa iwe. Nditataya makilo 7 zovala zinayamba kukhwepa, kutchalitchi mayi wina anandigwira dzanja n'kunditengera pambali, akuti mayi tikukupemphererani, limbani mtima masiku ano mankhwala alipo. Ine kudabwa. Wina anakauza mnzake kuti banja lawo silikuyenda, abambo apeza wina. Pa mpopi nkhani inali yoti ndili ndi ngongole za katapila. Zinandiwawa ndithu, sabata imeneyo ndinatsala pang'ono kubwerera ku chipisi kuti anthu andisiye.

Pachimake panali pamene tinapita kumudzi ku Mitundu. Apongozi anga atangondiona anasiya lichero pansi. Sanalankhule pagulu, anadikira madzulo tili awiri kukhitchini ndikusonkhezera moto, n'kuyamba motsitsa mawu, "Apongozi, ine ndine mayi wanu, musandibisire. Mwayezetsa?" Ndinati eya amayi ndinayezetsa zonse, ndili bwino, ndikuchita dala chifukwa cha BP. "Dala? Munthu kuonda dala?" Anapukusa mutu, kenako anaitana mwana wawo n'kumufunsa ngati akundisiyira ndalama ya ndiwo. Bambo a ana anachita kutulutsa buku langa lakuchipatala m'chikwama kuwawerengera manambala. Chimene chinandiseketsa n'choti chakudya chimene iwo amadya tsiku lililonse, mgaiwa, nkhwani wotendera, nyemba, mbatata, ndi chomwecho ndikudya ine, ndipo iwo ali ndi zaka za m'ma 70 amalima okha ndi kusenza mtolo wa nkhuni, thupi lili see. Nditawauza zimenezo anati iwo ndi osauka n'chifukwa chake, ine wa mtauni ndikusowanji.

Komabe funso lawo lija silinali lopusa. Ngati thupi likutsika lokha inu osasintha kadyedwe, kapena mukutsokomola nthawi yaitali, kutuluka thukuta usiku, kumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, kumeneko si kuonda kosangalalira, pitani akakuyezeni TB, HIV ndi shuga. Amene muli oyembekezera kapena mukuyamwitsa mwana wakhanda ino si nthawi yochepetsa chakudya. Amene mumamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin musachepetse nsima panokha musanalankhule ndi achipatala, shuga amatha kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Ineyo mankhwala a BP ndikumwabe, sindinasiye, ngakhale kuti panopa ikumakhala cha m'ma 128/82 ndipo mutu uja ndinauiwala. Oti andichepetsere kapena kundisiyitsa ndi adokotala osati ine.

Musaganize kuti zinkangotsika mwa ndondomeko. Miyezi iwiri yoyamba ndinataya makilo anayi, kenako pang'onopang'ono, mu July ndi August sikelo inangoima pa 76 osasuntha, kuzizira kuja ndinkamwa tiyi kanayi patsiku ndipo kudzuka kuti ndiyende kunkavuta. Ndinabwerera ku kope lija n'kupeza kuti mtedza ndi mapeyala ndinayamba kudya mopanda muyeso poti ndi zabwino, komanso chipande chaching'ono chija chinasowa ndinkaomolera chachikulu. Achipatala amati hafu kilo mpaka kilo imodzi pasabata ndiye kutsika kwabwino, ine nthawi zambiri sindinkafika n'komwe pamenepo. Ndimakwera sikelo kamodzi pamwezi tsiku lokatenga mankhwala, zija za anyamata a m'mbali mwa msewu ndinasiya chifukwa iliyonse imanena zake, ndimadalira kwambiri siketi yanga ina yakuda imene siinama. Pofika December ndinali pa 72. Khirisimasi ndi maukwati atatu zinandibwezera makilo awiri, mpunga wa nkhuku ndi Fanta sindinakane, ndine munthu. January ndinangoyambiranso kontena yanga, pofika March anali atachoka. BMI ili cha pa 28, sindinafike pamene anesi amafuna, koma masitepe ndikukwera osapumira panjira ndipo mawondo anasiya kulira.

Bambo a ana nawo kamimba kaphwa ngakhale savomera, amati lamba ndi amene watamuka. Mgaiwa panopa amadya osasakaniza, koma alendo akabwera amandinong'oneza kuti ndiphike woyera.

Mwezi wathawu apongozi anatumiza katundu pa minibasi ya ku Mitundu, kathumba ka chimanga, chikwatu cha mfutso, nzama, ndi nkhuku yamoyo yomanga miyendo. Anaimba pa foni ya mdzukulu wawo kunenetsa kuti nkhukuyo si ya ana ayi, ndi ya apongozi okha, adye yonse abwerere m'thupi anthu asamatiseke. Tinaipha Lamulungu. Ndinatenga ntchafu imodzi ndi nthutumba, mitanda yanga iwiri, nkhwani theka la mbale, yotsalayo ana anagawana. Atayimbanso kufunsa ndinati ndadya amayi, inali yonona kwabasi.